Boti la Twaibu ndi Ngodya ya Pepala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amayi anabwera ndi bokosi lija kuchokera kuntchito. Amayi ankachapa ndi kusita nsalu za pabedi paloji ina ya ku Senga Bay, ndipo kawirikawiri ankabwera ndi tinthu timene alendo asiya: kabotolo ka mafuta odzola kotsala theka, chipewa chothimbirira, tsiku lina nsapato imodzi yopanda inzake. Koma tsiku limenelo anasenza bokosi lalitali ngati mkono wanga, lokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira. Pamwamba pake panali chithunzi cha ngalawa ya matanga atatu. Mlendo wina wokalamba, amene anakhala palojipo mwezi wathunthu, anabwera nalo kuti azilumikiza tizidutswa take masana akasowa chochita, koma maso anamukanika. Tsiku lochoka anawafunsa amayi ngati ali ndi mwana woti angamupatse.

"Ndinawauza kuti ndili naye wamwamuna," anatero amayi, akutula bokosilo pamkeka. "Twaibu, tabwera udzaone."

Ine ndinali pomwepo, ndikupeta mpunga. Ana a amayi tinalipo awiri okha, ine Hawa ndi mlongo wanga Twaibu, amene anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Lichero ndinalitula pansi mwamphamvu moti nkhuku zinathamangira mpunga umene unatayika. Amayi sanandiyang'ane n'komwe.

Ndinene apa kuti mundimvetse. Pagombe lathu lonse panalibe mwana amene ankandiposa kupanga timaboti toseweretsa. Ndinkasema chiwale ndi mpeni wa amayi wosendera chinangwa, mlongoti n'kuika wa bango, thanga n'kudula la pepala la shuga. Anyamata akamapikisana pamadzi osaya, boti lopambana linkakhala lochokera m'manja mwanga, koma wolinyamula ankakhala Twaibu, poti mtsikana wamkulu ngati ine sankayenera kuoneka akusewera ndi anyamata pagombe. Iye ankabwera kunyumba akumuimbira m'manja, ine ndikutsuka mbale. Twaibuyo chilichonse chimene wagwira chinkagwa. Makapu athu onse anali opanda zogwirira chifukwa cha iye. Ndiye mwana ameneyu ndi amene anapatsidwa ngalawa ya matanga atatu.

Bambo athu anali ku Joni, ndipo chinali chaka chachitatu asanabwere. Lachisanu lililonse masana ankaimba pafoni ya mayi wina wa okala pafupi ndi kwathu, ife n'kuthamangira kumeneko. Funso lawo loyamba silinkasintha. "Mwamuna wa pakhomo ali bwanji?" Twaibu ankalankhula nawo mpaka khutu kutentha. Foni ikafika kwa ine, bambo ankangoti, "Hawa, ukuwathandiza amayi ako?" Ndikati inde, ankati ndawakondweretsa, foni n'kubwerera kwa amayi. Lachisanu la sabata imeneyo anatiuza kuti abwera pa Idi, Mulungu akalola. Twaibu anakuwa kuti awapangira boti lenileni, lochokera kunja, adzalipeza litatha. Bambo anaseka mpaka tinawamva tonse amene tinaima panja pa okala.

Titatsegula bokosilo, munalibe boti. Munali timatabwa tathyathyathya topyapyala ngati chikuto cha kope, ndipo pa timatabwato anajambulapo tizidutswa toti uzikankha ndi chala n'kutuluka, kalikonse ndi nambala yake. Munali timitengo tating'ono, ulusi wa mitundu iwiri, kansalu koyera ka matanga, timisomali tonga singano, ndi kabotolo ka guluu woyera ngati mkaka. Fungo lake linali la sitolo, osati la nyanja. Pansi penipeni panali pepala lalikulu lopindapinda, lodzaza ndi zithunzi ndi Chingerezi. Twaibu analitembenuza uku ndi uku. Anali mu Sitandade 3, ndipo Chingerezi chake chinkathera pa moni wopatsa aphunzitsi.

"Uzimuwerengera," amayi anandiuza. "Koma usagwire. Ndi zake zimenezi."

Amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndinabadwa mkazi, koma Chingerezi cha mu Sitandade 7 ndinkachidziwa. Ndinakhala pakhonde ndi pepala m'manja, manja omwewo akuyabwa, ndikuonerera mlongo wanga akugwira zinthu zimene ndinkazilakalaka.

Tinkayamba masana, tikachoka kusukulu ndi kumadarasa. Choyamba chinali msana wa boti, kathabwa kakatali kamipatamipata. Kenako nthiti, khumi ndi ziwiri, iliyonse kulowa mumpata wake. Ndinkawerenga nambala, iye n'kuifunafuna. Tsiku loyamba lomwe anamata nthiti yachinayi pamalo a yachisanu ndi chinayi, boti n'kuoneka ngati munthu wotupa tsaya. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinkayembekezera kuti alira, andiponyere zonsezo, amayi anene kuti basi Hawa muthandize. Koma sanalire. Anatenga lezala limene tinkadulira tizidutswa, anapalapala guluu pang'onopang'ono, lilime lili panja, mpaka nthitiyo inachoka yosathyoka.

Amalume athu a Jafali, mlongo wawo wa amayi, anali mmisiri wa maboti amatabwa. Ankagwira ntchito pansi pa mkuyu pafupi ndi pamene asodzi amayanika usipa. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkakonda kuima chapatali ndi ndowa pamutu, kuonerera mmene ankapindira thabwa, mmene ankakhomerera thonje m'mipata n'kumata ndi phula. Pafupi sindinkafika, chifukwa amuna a pamenepo sankafuna mkazi pambali pa boti limene likupangidwa. Amalumewo anali ndi khalidwe limodzi limene gombe lonse linkalidziwa. Boti ngakhale litatha, lapakidwa penti, dzina lalembedwa, iwo sankalitcha boti. Ankalitcha matabwa. Mwiniwake akafunsa kuti boti langa lili pati, iwo ankayankha kuti, "Matabwa anu ali apo. Likalawa madzi n'kuyandama, tidzalitcha boti." Tsiku lolilowetsa m'madzi amuna ankasonkhana, amalume n'kunena Bisimila, onse n'kukankha, ndipo likakhazikika pamadzi m'pamene ankati, "Eya, boti ilo."

Atamva za bokosi la Twaibu anabwera kudzaona. Anakhala pampando wawo wa ndalema umene ankayenda nawo, n'kunyamula kachigoba kaja ndi zala zawo zokhakhala ngati akunyamula dzira. Anadabwa kuti azungu aika nthiti monga mmene iwo amaikira. Anamuonetsa Twaibu kuti timatabwa ta m'mbali azitiviika kaye m'madzi ofunda kuti tipindike tosathyoka, ndiponso kuti akamata azipana ndi mapegi a amayi oyanikira zovala. Twaibu ankafuna kuchotsa mapegiwo guluu asanaume. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga," amalume anamuuza. Ine sanandiuze kanthu, kupatula kuti ndiwabweretsere madzi ofundawo.

Chimene chinandiwawa kwambiri sichinali chakuti Twaibu anapatsidwa bokosi. Chinali chakuti anayamba kutha. Ndikanapirira akanakhala kuti akuononga, chifukwa ndikanadzitonthoza kuti ine ndikanapanga bwino. Koma mwana wogwetsa makapu uja anasintha ndikuona. Sabata yachiwiri sankadikiranso kuti ndiwerenge nambala, ankangoyang'ana chithunzi n'kudziwa. Kathabwa kalikonse ankakayeza kawiri asanamate. Guluu wotuluka m'mbali ankamupukuta ndi nsonga ya malaya ake. Unali mwezi wosala, akuluakulu ali lefu ndi ludzu masana, iye ali chete pakhonde ndi timisomali mkamwa monga amachitira amalume. Botilo linkakongola tsiku ndi tsiku, ine mtima n'kumada tsiku ndi tsiku. Pogona ankaika bokosi lopanda kanthulo kumutu kwake, ndipo m'mawa ndinkamupeza akuliyang'anitsitsa mbali zonse, ngakhale pansi pake.

Tsiku lina Twaibu atapita kukatunga madzi ofunda, ndinatsegula tsamba lomaliza la pepala lija kuti ndione zimene zatsala. Pangodya ya m'munsi panali mawu ochepa otsekeredwa m'kabokosi, ndi kachithunzi ka dontho la madzi lodulidwa ndi mzere. Ndinawerenga kawiri. Mawuwo ankati botilo ndi loika patebulo kapena pashelefu kuti anthu aziliona, silopangidwira kuyandama, ndipo lisakhudze madzi chifukwa guluu wake amasungunuka.

Poyamba ndinaseka ndekha. Boti loopa madzi! Kwathu kuno chinthu chotero sichinamvekepo. Ngakhale khanda likatola chikhokho cha chimanga limakachiponya m'nyanja kuti lione ngati chiyandama. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane Twaibu ndimuuze. Kenako ndinatseka. Lezala linali pomwepo pamkeka. Ndinalitenga, n'kudula ngodya ija bwinobwino motsata mzere, kapepalako n'kukakaponya pambaula. Ndinadziuza kuti sindinanamize munthu, ndangodula pepala.

Botilo linatha kutatsala masiku asanu kuti bambo afike. Twaibu anamanga ulusi womaliza Lachinayi, n'kulemba ndi bolopeni m'mbali mwake dzina limene anasankha yekha: TAKULANDIRANI. Chilembo cha N chinayang'ana kumbuyo. Anthu oyandikana nafe anabwera kudzaona. Mayi wa okala uja anagwira pakamwa. Amalume analizungulira kawiri, anasuzumira pansi pake, kenako anagwira Twaibu pamutu n'kunena kuti m'banja mwathu mwabadwa mmisiri wina, akakula pang'ono adzamutenga pansi pa mkuyu. Mawu amenewo ndinawalota zaka zambiri akunenedwa kwa ine. Amalume atangochoka, ndinalankhula mokweza kuti anyamata amene anadzaza pakhonde amve.

"Mukuti boti? Amenewo akadali matabwa."

Anyamatawo anaseka, chifukwa onse ankawadziwa mawu a amalume. Wina anati n'zoona, silinalawe madzi. Twaibu anandiyang'ana.

"Achemwali, pepala likuti chiyani za madzi?"

"Taona wekha," ndinatero, ndikumutambasulira tsamba lomaliza. "Lathera pamenepa. Boti ndi boti. Unaonapo boti lokhala patebulo ngati mbale?"

Anayang'ana pepalalo, kenako anatembenukira kubokosi limene linali pakona, kenako anayang'ananso ine. Ndiye anati, "Chabwino. Tikalilowetsa Loweruka, kuti ababa adzalipeze lili boti."

Loweruka m'mawa dzuwa litakwera, mwera unkaomba pang'ono, mafunde ali aafupiafupi. Asodzi anali atabwerako kale, amayi a geni akukangana pamabeseni a usipa. Twaibu anavala kofiya yake ya Lachisanu. Analinyamula botilo ndi manja awiri, ana oposa khumi akumutsatira pambuyo ngati akuperekeza mkwati. Ine ndinapita ndi mbale zotsuka kuti ndikhale ndi chifukwa chokhalira pamenepo. Analowa m'madzi mpaka m'maondo, anawerama, n'kunena Bisimila ndi mawu aakulu otsanzira amalume. Analikhazika pamadzi n'kuchotsa manja.

Linaima. Kwa kanthawi kochepa kwambiri linaima, matanga atatu atafufuma, lokongola kuposa chithunzi cha pabokosi, ndipo ndinaopa kuti mwina pepala lija linanama. Kenako linapendekeka. Milongoti inali yaitali, pansi palibe cholemera. Linagona cham'mbali, madzi n'kulowa m'mipata yonse. Twaibu analitola msanga, analikhuthula, n'kuliikanso, poganiza kuti waliika molakwika. Linagweranso mbali ina. Funde linabwera n'kuligubuduza pamchenga, lina n'kulikokera m'madzi. Pamene ankalitola kachitatu, guluu uja anali atayamba kuyera ndi kutelera. Kathabwa kamodzi kanadzuka kutsogolo, kena n'kutsatira, mbali yonse n'kutseguka ngati nthochi yosendedwa. Milongoti inagwa, ulusi n'kukolana. Ana anaseka mpaka ena kugwa pamchenga.

Ndinene chilungamo, poti ndakula. Ndinasangalala. Mtima unachita kuti myaa, ngati wamwa madzi ozizira pomasula kusala. Koma chisangalalocho sichinakhalitse kuposa mmene botilo linaimira pamadzi. Twaibu sanalire, sanatukwane amene ankamuseka. Anavula malaya, anawayala pamchenga, n'kuyamba kutola tizidutswa timene mafunde ankabweza, kamodzikamodzi, akuthamangira tina timene tinkapita kwakuya. Kofiya inagwera m'madzi iye osazindikira. Ndinakaitola ndine.

Kunyumba amayi anali asanapite kuntchito. Ataona zimene zinali m'malayamo, anatembenukira kwa ine maso atafiira.

"Iwe Hawa, ntchito yako inali imodzi yokha. Sunawerenge bwino pepala lija?"

Ndisanapeze bodza loyankha, Twaibu anandilanditsa.

"Achemwali anawerenga zonse, amayi. Musawakalipire. Ndine amene sindinamate bwino." Anatambasula manja ake n'kuwayang'ana. "Manja angawa ndi oipa. Inunso mumanena."

Pamenepo m'pamene analira. Ine ndinangoima ndi kofiya yonyowa m'manja.

Masana, Twaibu atadzitsekera kuchipinda, amalume anabwera, nkhani itawapeza pansi pa mkuyu. Anatola kathabwa kamodzi, anafikisa guluu pakati pa zala, n'kununkhiza. Anati guluu ameneyu si wa m'madzi, wopanga bokosili sakanalephera kunena. Anaitanitsa pepala. Amalume sankadziwa kuwerenga Chingerezi, ngakhale Chichewa chomwe ankachita kuvutika nacho, koma maso a mmisiri saphonya pamene padulidwa. Anayendetsa chala pangodya paja kawiri.

"Khoswe wa m'nyumba muno ali ndi mano owongoka," anatero, osayang'ana munthu.

Amayi sanamve tanthauzo lake, anangoti makoswe achuluka chaka chino. Amalume anandituma kuti ndiwaperekeze ndi mpando wawo. Titafika kuseri kwa nyumba, pamene palibe wotimva, anaima.

"Hawa, timaboti ta chiwale timene Twaibu amapambana nato, ndimadziwa amene amasema. Ndinaona kalekale kuti manja ali ndi iwe. Kusakuuza ndinalakwa ndine." Anausa moyo. "Koma tamvera. Ine ndikaona mpata pathabwa n'kukhala chete, anthu akakamira kutali uko, sindinganene kuti yawapha ndi nyanja. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

"Ine sindiuza amayi ako, sindiuzanso mwanayo. Ukamuuze wekha. Usachedwe, chifukwa mwana uja wayamba kukhulupirira chinthu chimene si choona."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinalowa m'nyumba nditakonzeka kunena. Ndinamupeza Twaibu atayanika tizidutswa tonse pachiguduli, taumauma, tina titapindika. Anatilongedza m'bokosi, n'kulikankhira kumapazi anga.

"Tengani inu, achemwali. Inu mumatha. Ababa asadzapeze palibe kanthu."

Chinthu chimene ndinachilirira mwezi wathunthu chinali pamapazi anga, ndipo wondipatsa anali mwini wake. Ndikanalankhula pamenepo, akanandilanda. Ndinawerama n'kulitola.

Ndinalimanganso masiku atatu. Pepala sindinkaliyang'ana n'komwe, poti ndinali nditaliloweza. Tizidutswa timene tinapita ndi madzi ndinasema tina ta chiwale. Amalume anatumiza mwana ndi guluu wawo m'kachitini, popanda uthenga uliwonse. Twaibu ankakhala patali, akundipatsira mapegi ndikamuuza. Kathabwa kamene analembapo dzina kanapulumuka, ndipo ndinakabwezera pamalo pake, N wake akuyang'anabe kumbuyo.

Bambo anafika dzulo lake la Idi, ndi zikwama ziwiri ndi jekete lachikopa m'dzuwa la ku Salima. Madzulo, titamasula kusala, anafunsa za boti lawo. Twaibu anakalitenga yekha n'kuliika pamaondo awo. Bambo analitembenuza, anaimba mluzu, n'kumukoka mwana wawo kuti amukumbatire.

"Sindinapange ndine, ababa," Twaibu anatero. "Ine ndinaononga. Apanga ndi achemwali."

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akundiona koyamba. Anati sankadziwa kuti m'nyumba mwawo muli mwana wa manja otere. Anandiuza kuti ndikhale pafupi ndiwafotokozere mmene ndinapindira timatabwa. Kwa Twaibu anangoseka n'kumusisita pamutu kuti iye azingolimbikira sukulu, za manja si za aliyense. Ndinadikira zaka zitatu kuti bambo andifunse funso lina kupatula la kuthandiza amayi. Tsiku limenelo anandifunsa mafunso khumi, ndipo mawa lake pilawu wa pa Idi sanandikomere.

Twaibu sanapangenso kanthu ndi manja. Atafika zaka khumi ndi zinayi amalume anamuitana pansi pa mkuyu monga analonjezera, iye anakana, akuti angawaonongere matabwa a eni. Amalume anandiyang'ana tsiku limenelo, ine n'kuyang'ana pansi. Anamwalira osandifunsanso. Lero Twaibu ndi dalaivala wa minibasi yopita ku Lilongwe. Ndi munthu wansangala, wokondedwa padepoti, koma chitseko chikaguluka kunyumba kwake amaitana munthu wina kudzakhoma msomali. Amanena moseka kuti iye anabadwa ndi manja a chiwongolero basi.

Ine ndi amene ndinadya za botilo. Ndimapanga timaboti tokongoletsa m'nyumba, ta chiwale ndi ta zidutswa za mlombwa, ndipo alendo a m'maloji amagula. Ana anga aphunzira ndi ntchito imeneyi. Aliyense wogula ndimamuuza ndisanamupatse kuti ili si la m'madzi, ndipo ndimabwereza kawiri mpaka ena amandiseka.

Mlandu suola. Chaka chatha pa Idi, Twaibu anabwera kwathu ndi banja lake. Mwana wake wamwamuna, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anafika patebulo langa logwirira ntchito n'kutola kachigoba kamene ndinali nditangoika nthiti. Ankakayang'ana lilime lili panja. Bambo ake anamulanda msanga.

"Siya, uwaonongera azakhali ako. Ife a kwathu kuno manja athu ndi oipa, watengera ine."

Ndinamva ngati wandimenya. Bodza langa linali litakula mpaka kubala mwana. Ndinamukokera Twaibu kuseri kwa nyumba, n'kumuuza zonse: mawu a pangodya, lezala, mbaula, ndi zimene amalume anandiuza. Ndinamuuza kuti boti lake linali lomatidwa bwino kuposa limene ndinamanga ine, ndipo ngakhale amalume akanalimata okha likanasungunuka chimodzimodzi. Ndinkayembekezera kuti akwiya kapena adabwa. Iye anangokanda ndevu zake.

"Dontho lodulidwa ndi mzere lija?" anafunsa. "Linalinso pansi pa bokosi, achemwali. Laling'ono. Ndinkaliona tsiku lililonse."

"Ndiye unalowetseranji m'madzi?"

"Ndinakufunsani. Munati boti ndi boti." Anamwetulira pang'ono. "Ndinaganiza kuti chithunzicho sindikuchimva ndine, poti sukulu inali ndi inu. Bokosi ndi achemwali anga, ndikanakhulupirira ndani?"

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndinamupusitsa chifukwa ndinali wochenjera. Sindinali wochenjera. Mwanayo anali ndi chenjezo m'manja mwake, analiona ndi maso ake, koma analisiya n'kutsata mawu anga chifukwa ankandikhulupirira. Nsanje yanga sikanatha kumuchita kanthu akanakhala kuti sandikonda. Ndipo chimene ndinkachitira nsanje, kuti wina aone manja anga, chinali chifukwa chomveka, koma wondimana sanali Twaibu. Iye ndi yekhayo pakhomo paja amene ankanena poyera kuti ndimatha.

Mlendo wina amene amagula kwa ine kawirikawiri ndinamupempha kuti akadzabweranso andibweretsere bokosi lotere. Anabweretsa, la ngalawa ya matanga awiri. Ndinapita nalo ndekha kunyumba kwa Twaibu, n'kumuuza kuti alumikize ndi mwana wake, pepala ndidzawawerengera lonse mpaka pangodya. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuliika pamwamba pa kabati. Papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndikapitako ndimaponya maso pamwamba paja ndisanapereke moni, ndipo pulasitiki yake sinang'ambidwe. Sindimufunsa. Kupepesa ndinapepesa, koma amalume akanakhalapo akanandiuza kuti amenewo akadali matabwa.